Yambirani Kumanja

Ku Kota Kota, m'zaka zija Boma la Azungu litazika kale mizu, panalibe mkazi wa Chisilamu amene ankapita kumanda osadutsa m'manja mwa a Rukiya. Ukangomva kuti uje watisiya, usanafunse n'komwe kuti amadwala chiyani, unkaona mayi wamfupi, wakuda bii, akudula njira ya m'madambo a mpunga, chikho chake m'manja, nsalu yakale paphewa. Ntchito yawo inali yosambitsa maliro a akazi. Pakamwa pawo panali poyabwa ngati chitedze. Ankatha kukuuza pamsika, anthu ali ndundundu, kuti usipa wako ndi wogona, kapena kuti mwana wakoyo mphuno waitenga kwa mwamuna wa eni. Koma zimene ankaziona pansi pa nsalu ya maliro, zipsera za ndodo, mimba zobisa, zilonda zochititsa manyazi, sanaziululepo kwa munthu mpaka kufa kwawo. Anthu ankawaopa, ankawajeda, koma tsiku la tsoka aliyense ankathamangira kwa iwo.

Kwawo kwenikweni sankakudziwa. Anafika kunyanja m'masiku a Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo ija, ali kamtsikana kosatha msinkhu, atamangidwa pachingwe chimodzi ndi anthu ena ochokera kumadzulo, kuseri kwa mapiri. Chimene ankakumbuka n'chakuti amayi awo ankawaitana ndi dzina lina, ndipo dzinalo linatayika m'njira. Anzawo onse anakwezedwa m'zombo n'kuwolotsedwa nyanja, koma iwo ogula anawakana chifukwa cha chilonda cha pamwendo.

"Ena amapulumuka ndi nzeru, ine ndinapulumuka ndi chilonda," ankatero akakhala pakati pa anzawo, akuseka. Koma kuseka kwake kunali kwa pamlomo pokha.

Anakulira pakhomo pa mayi wina wachikulire amene ankasambitsa maliro, akumutungira madzi ndi kumunyamulira chikho, ndipo ntchitoyo anaiphunzira ndi maso, popeza mayiyo sanali wofotokoza. Ukapolo utatha, amene ankadziwa njira anabwerera kwawo. Nanga iwo akanabwerera kuti? Anakwatiwa ndi a Kalilu, munthu wa m'zombo, n'kubereka ana atatu, ndipo onse anawaika ali aang'ono. A Kalilu nawo anamira mwera wina utakalipa. Mbumba analibe, mlongo analibe, ngakhale wa kuchimuna woti angawanenere mawu pabwalo analibe. Abale awo anali anthu a m'masiwa. Kulikonse kumene kwagwa zovuta ankagona komweko, kutunga madzi, kupeta mpunga, kukalipira atsikana aulesi, kutonthoza wofedwa. Pamenepo ndiye ankamva kuti nawonso ndi munthu wa m'mudzi.

Mnzawo wa pamtima anali a Mariamu, oyandikana nawo nyumba, mayi wonenepa, woyenda mwaphee, wa kuseka kogwedeza mapewa. Awiriwa ankakangana pafupifupi tsiku lililonse, nkhani yake nkhuku za a Mariamu zimene zinkadya mpunga wa a Rukiya pamphasa. Koma dzuwa lisanapendeke unkawapeza ali pakhonde limodzi, wina akuluka mnzake tsitsi. Chaka china atakolola bwino anapitira limodzi kusitolo ya Mmwenye n'kugula bafuta wautali, nsalu yoyera ija. Anamung'amba pakati, aliyense n'kusunga wake kuti adzakhale sanda yomukulungira tsiku la ulendo wake.

"Ine ndikatsogola, asandikhudze wina koma iwe," anatero a Mariamu akupinda nsalu yawo. "Thupi langali lili ndi nkhani zake. Sindifuna lidzaonedwe ndi ana."

"Ndamva. Nanga ndikatsogola ine?"

"Iwe sungafe. Ngakhale mngelo wa imfa akuopa pakamwa pakopo."

Anaseka mpaka misozi. Koma pambuyo pake a Mariamu ananena mofatsa kuti, "Bwanji osamuphunzitsa Sofiya wangayu? Aziyenda nawe, aziona."

A Rukiya anapukusa mutu. "Sofiya? Wa manja olemera ngati munsi uja? Angathyole maliro nthiti."

Apa ndiye panali chilema chawo, ndipo sindibisa. Sankafuna kuphunzitsa munthu. Ankati atsikana a masiku ano ndi amantha, ndi olongolola, sasunga chinsinsi. Koma chenicheni chinali mantha awo eni. Munthu wopanda mbale, akagawa ntchito imene anthu amamuitanira, adzamuitaniranso chiyani?

Ukalamba unabwera monga umabwerera, osaodira. Maondo anayamba kukana, m'maso munagwa nkhungu. Dzinja lina mvula inagwetsa khoma la nyumba yawo, ndipo a Mariamu anawatengera kwawo. Koma chinali chaka cha njala, chinangwa chitaola m'minda, m'nyumbamo muli ana ndi adzukulu odzaza. A Rukiya ankaona mmene mkamwini wa pakhomopo ankayang'anira mbale ikamadutsa. Palibe amene anawathamangitsa, koma mlendo ndi mame. Anamva kuti kumtunda, panjira ya ku Mwadzama, pa kamishoni kena, anamanga mzere wa tizipinda tosungiramo nkhalamba zopanda abale, ndipo sankafunsa kuti umapemphera kuti. Ambiri a m'menemo anali obwera pachingwe ngati iwo, anthu amene anakalambira m'dziko la eni. Anamanga mtolo wawo, chikho ndi sanda zili mkati, n'kupita okha.

A Mariamu anawaperekeza mpaka pachipata, akupuma mwabefu. "Ukamva kuti ndadwala, usachedwe," anatero.

"Iwe ungodya pang'ono kuti ndisadzavutike pokutembenuza," anayankha a Rukiya. Onse anaseka, koma potembenuka aliyense anapukuta m'maso.

Wosamalira nkhalambazo anali Jenifa, mayi wachitsikana, mkazi wamasiye wa mphunzitsi, amene anaphunzira zotsuka zilonda kwa adona a pamishonipo. Ndisamunamizire, Jenifa sanali munthu woipa. Ankawazula matekenya ndi singano mosamala, ankawachapira zofunda, ndipo nkhumba sankaiyandikiza m'mbale ya Msilamu. Miyezi yoyamba moyo unali wabwino ndithu. Nkhalamba zinkakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi akusankha miyala mumpunga, abambo akupota zingwe za maukonde pantchafu, akunamizana za nsomba zimene anapha ali anyamata. Uthenga wa maliro ukafika, a Rukiya ankatenga ndodo ndi chikho n'kutsetsereka pang'onopang'ono. Ankabwerako atatopa, miyendo itatupa, koma nkhani zili m'kamwa zokwanira sabata yonse.

Zinasintha chifukwa cha a Maliko, nkhalamba ina ya pamzerepo. Iwo anapita kumaliro a mnzawo wa ubwana, ndipo pobwerera, maso ali ndi misozi, anaterereka n'kugwera mumngalande wa m'dambo. Anathyoka chiuno, ndipo sanadzukenso pamphasa mpaka anamwalira. Adona anamukalipira Jenifa pamaso pa anthu, ndipo Jenifa analira tsiku lonse. Atapukuta misozi anatsimikiza mumtima mwake kuti palibenso nkhalamba yake imene idzafere m'njira. Chipata cha bango chinamangidwa ndi chingwe. Ntchito zonse zinaletsedwa, akuti anthu agwira kale ntchito moyo wawo wonse, tsopano apumule. Chakudya chinayamba kuperekedwa m'zipinda, aliyense payekha, kuti asamavutike kuyenda. Ndipo china chimene Jenifa sanauze munthu n'chakuti uthenga wa maliro usamadutse pachipata. Iye ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chimene chinagwetsa a Maliko si matope, koma chisoni.

Ha, kupumula kwake! Ine ndimati ukafuna kumaliza nkhalamba usavutike ndi mankhwala, ingoiikira mbale pakhomo n'kuiuza kuti ipumule. Pansi pa mango panamera udzu. Abambo aja a zingwe anayamba kugona masana ngati odwala. Mayi wina wa chipinda choyandikana ndi a Rukiya anasiya kuyankha moni, ankangoyang'ana khoma. A Rukiya amene ankatha kukangana ndi msika wonse anatsala akukalipira nkhuku ya pamishoni imene inkasuzumira pakhomo, ndipo tsiku limene nkhukuyo sinabwere ankaisowa. Mpunga unkawakanira pakhosi. Masiku anasokonekera, Lachisanu osalidziwa, Lolemba osalidziwa. Nthawi zina ankatulutsa chikho chawo n'kuchipukuta, ngakhale chinalibe fumbi.

"Mwanawe," a Rukiya anamufunsa Jenifa tsiku lina, "kodi ku Kota Kota anthu analeka kufa?"

"Onse ali bwino, agogo. Inu idyani."

"Zodabwitsa. Chichokereni ine, imfa nayo yachoka."

M'mawa wina anamva mawu a akazi kuchipata, ndipo ena anali ngati a Sofiya, mwana wa a Mariamu. Anafwanthula ndodo, koma pamene ankafika pakhomo la chipinda kunali kuli zii. Jenifa anati anali ogulitsa nkhuni. Tsiku lomwelo masana mawu aja anamvekanso, okwera pang'ono, ndipo Jenifa anati ogulitsa nkhuni aja anabwerera kudzakangana za mtengo wake. A Rukiya anakhulupirira. Munthu akakhala yekha nthawi yaitali amayamba kukayikira makutu ake omwe.

Choonadi chinabwera ndi nsomba. Sufiyani, msodzi wa kumudzi kwawo amene nthawi zina ankabweretsa chambo kukhitchini ya mishoni, anadutsa m'mbali mwa mpanda a Rukiya ali pakhonde akuothera dzuwa. Anamuzindikira ndi kutsokomola kwake.

"Sufiyani! Wayamba liti kudutsa akulu ngati chitsa?"

Bamboyo anaima, koma dengu sanatsitse. "Salamu aleikumu, amayi," anatero mouma. "Ndimayesa munaleka kutidziwa."

"Ukunena chiyani iwe?"

"Nanga si a Mariamu anakuitanani akudwala, inu munati mukupumula. Atatisiya, Sofiya anabwera kawiri tsiku limodzi, maliro ali m'nyumba akudikira inu. Munati simungathe. Anthu kumudzi akuti mpunga wa Azungu wakukomerani."

A Rukiya sanalire pomwepo. Anangogwira nsanamira ya khonde ndi manja onse awiri, ngati nyumba ikuyenda. "Anamusambitsa ndani?" anafunsa, mawu ali pansi.

"Akazi omwewo. Ine ndine mwamuna, sindidziwa za m'katimo. Sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi ija, ndi Lachinayi likubwerali." Atatero anaona nkhope yawo, ndipo anazindikira kuti mayiyu akumva kumene. Anatsitsa dengu.

Jenifa atabwera ndi mbale masana anawapeza atakhala pamphasa, sanda ili pamiyendo.

"Khala pansi, mwanawe," anatero a Rukiya. "Ogulitsa nkhuni aja ankavala nsalu yanji?"

Jenifa anaika mbale pansi. Sanakane. "Ndimaopa, agogo. Ndinaona zimene zinachitika kwa a Maliko. Ndinati mukamva, mtima wanu uima. Ndimafuna mukhale ndi moyo."

"Moyo wake uti? Uwu wokambirana ndi nkhukuwu?" Mawu awo anakwera, pakamwa paja panabwerera. "Iwe, Maliko anafa akuchokera kwa anthu, matope a kumanda ali kumapazi, ndipo pamaliro pake anthu anadzaza mpaka kumsewu. Ine wandisunga ngati mbewu ya m'chigulu, koma wandipha kumudzi ndili moyo. Maliro n'kulirana. Ine ndilibe mwana, ndilibe mlongo. Amene akanandilira ndi amene ndinawalirira, ndipo lero akuti ndinakana mnzanga ali pamphasa. Ndinamulonjeza, Jenifa. Nsalu iyi tinang'amba awiri."

Apa ndiye analira, kulira kwa nkhalamba kopanda mawu ambiri, kongogwedeza thupi. Jenifa analira nawo atagwada, akuti pepani, pepani, koma pepani wake analibe pogwira.

Lachinayi m'mawa Jenifa anapita kwa adona n'kuwauza kuti akuperekeza agogo kumudzi, ndipo akafuna kumuchotsa ntchito amuchotse akabwerako. Anamasula chingwe cha pachipata. Anayenda pang'onopang'ono, akupumira pamthunzi uliwonse, ndipo pamngalande uja unagwetsa a Maliko, Jenifa anawabereka kumsana ndi nsalu ngati mwana. A Rukiya anali atapepuka moti Jenifa anachita mantha.

Pakhomo pa malemu panali anthu ambiri. Abambo anali pamphasa kutsogolo ndi shehe, akuwerenga. Kuseri akazi anali pakati pa ntchito, ena akusinja mpunga, ena akupeta, ena akusonkhezera moto. Ataona amene akubwera, minsi inaima umodzi umodzi. Palibe amene anayala mphasa. Mayi amene kwa zaka zonsezo ankalowa m'siwa osaodira anaima m'mphepete mwa bwalo atatsamira ndodo, ngati wopempha.

Sofiya anatuluka m'khitchini, maso ofiira ndi utsi. Anali mayi wamkulu tsopano, wa ana ake. "Mwabwera kudzadya sadaka, amayi?" anatero. "Khalani, mpunga upsa posachedwa. Umenewo mungathe."

Mawuwo anawalasa a Rukiya. Anayankha ndi Jenifa. Anagwada pafumbi pakati pa akazi a chipembedzo china, amene sankamudziwa bwino, n'kunena zonse. Anati uthenga wa matenda anaubweza ndi iye. Anati tsiku la maliro agogo sanauzidwe kanthu, ndipo mawu akuti sangathe anali ake iye, osati awo. "Mukafuna kutukwana, tukwanani ine," anatero. "Ndimayesa ndikuwasamala."

 Mayi wina anatulutsa mpweya n'kunena kuti, "Astaghafirulahi, Mulungu atikhululukire." Sofiya anayang'ana Jenifa, anayang'ana a Rukiya, kenaka anayamba kulira. Anakhala pansi pomwepo n'kugwira miyendo ya nkhalambayo.

"Amayi ankangoyang'ana kukhomo," anatero akusisima. "Aliyense akalowa ankati, ndi Rukiya? Mpaka mawu anatha. Ndiye tinadikira inu, dzuwa linafika pamutu, abambo akuti maliro sangagonenso. Tinalowa ife. Sitimadziwa poyambira, amayi. Wina akuti uku, wina akuti uku. Tinayambira kumanzere. Madzi anali ozizira, a m'mtsuko. Nsalu yophimba inatigwa, thupi lawo linaonekera, ana aakazi ali pomwepo. Tsitsi sitinaluke, tinangolikulunga. Shehe akuti Mulungu amaona mtima, palibe mlandu. Koma ine sindigona. Mayi anga ndinawatsuka ngati mphika."

A Rukiya anatseka maso. Mariamu amene ankadana ndi madzi ozizira, amene ngakhale m'chilimwe ankayamba waika mtsuko padzuwa! Mariamu amene sankafuna kuti ana aone zipsera zimene mwamuna wake woyamba anamusiyira kumsana! Chisoni chinawadzaza, ndipo pansi pa chisonicho panali china chowawa koposa. Jenifa anatseka chipata, inde. Koma amene anasiya mudzi wonse wopanda wodziwa poyambira sanali Jenifa.

"Dzuka, mwanangu," anatero, dzanja lili pamutu pa Sofiya. "Madzi akatayika sawoleka. Amayi ako anandipempha kuti ndikuphunzitse, ine ndinakana. Ndinati manja ako ndi olemera. Sikuti anali olemera, ndine ndinali wouma mtima. Mlandu umenewo ndi wanga, usausenze."

Wina anayala mphasa. Wina anawaikira lichero pamiyendo, ndipo manja awo anayamba okha kupeta. Tsiku limenelo anadya mpunga ndi anthu, m'mbale imodzi, ndipo unadutsa pakhosi.

Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse Sofiya ndi akazi ena atatu kapena anayi ankakwera kumishoni. Adona anang'ung'udza, koma ataona kuti mbale zayamba kubwerera zopanda kanthu, anasiya. Akaziwo sankabwera chimanjamanja. Ankatenga mpunga wosapeta, nkhani za kumudzi, nthawi zina mwana wa kumsana woti nkhalamba zimulandizane. Udzu wa pansi pa mango unapondedwa n'kutha. Abambo anapempha Sufiyani kuti awabweretsere maukonde ong'ambika. Mayi uja woyang'ana khoma anatuluka tsiku lina n'kulanda lichero m'manja mwa mtsikana, akuti sapeta choncho. Uthenga wa maliro ukafika, Jenifa ankaunena yekha pansi pa mango, ndipo wofuna kupita ankamuperekeza.

Koma phunziro lenileni linkachitikira m'chipinda, chitseko chili chotseka. Tsiku loyamba a Rukiya anayesa kufotokoza ndi pakamwa, akaziwo n'kumangogwedeza mitu ngati amva. Anaona kuti sizikulowa. Anayala mphasa, anagona chagada, n'kudzifunda nsalu kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi.

"Maliro ndi awa. Yambani."

"Amayi, zimenezo ndi malodza!" anakuwa Sofiya. "Mukudziitanira imfa."

"Imfa siidikira kuitanidwa, inandiona kale. Tenga chikho."

Anawaphunzitsa pathupi lawo lomwe. Madzi akhale ofunda, uwayese ndi chigongono monga umachitira ndi a khanda. Nsalu yophimba isachoke, manja ndiwo alowe pansi, ndipo dzanja ulikulunge kansalu. Uyambe wamusambitsa m'manja, kumaso ndi kumapazi monga munthu wopita kokaswali kumzikiti. Pomutembenuza umugwire paphewa ndi m'chiuno, umuuze ndi mawu apansi kuti tikukutembenuzani amayi, chifukwa ulemu suthera pa mpweya. Tsitsi uluke zingwe zitatu. Ndipo chimene waona m'katimo chitsale m'katimo, ngakhale mwamuna wako akufunse. Akaziwo ankalakwitsa, ankaseka ndi mantha, madzi ankalowa maliro m'mphuno, maliro n'kuyetsemula n'kuwatukwana. Jenifa, amene sankaloledwa kulowa, ankafunditsa madzi panja, akumva phokosolo n'kumamwetulira yekha.

Sofiya anali ndi vuto limodzi. Akatenga chikho, miyendo inkamutengera kumanzere kwa mphasa, kumene anaima tsiku la amayi ake. Ndipo nthawi iliyonse, pansi pa nsalu pankatuluka mawu: "Kumanja, mwana iwe! Yambirani kumanja! Kodi ndidzachite kudzuka kumanda kudzakuuza?" Zinafika poti akazi anzake ankamuseka nazo ngakhale kuchitsime.

Anakhala choncho chilimwe chonse. Maliro awiri a kumudzi Sofiya anawasambitsa yekha, a Rukiya atakhala pampando pakhomo la siwa, akumvetsera kulira kwa madzi. Za a Mariamu sankazitchula kawirikawiri, koma bala silinapole. Tsiku lina anamuuza Jenifa kuti, "Onse amene ndinawasambitsa ndaiwala nkhope zawo. Amene ndimamuona ndi mmodzi yekha amene sindinamusambitse."

A Rukiya anamwalira mvula yoyamba itangogwa, m'mawa, atadwala chifuwa masiku ochepa. Jenifa sanatume munthu. Anathamanga yekha mpaka kunyanja, matope ali m'miyendo, kukanena uthenga. Anthu anakwera kumishoni ambiri moti chipata cha bango anachita kuchizula kuti jeneza, chonyamulira maliro chija, lidutse. Mayi wopanda mbale anadzaza bwalo.

Jenifa anafunditsa madzi, anawayesa ndi chigongono, n'kuwapereka pakhomo. M'katimo akazi anatambasula sanda, bafuta uja wa mbali imodzi yong'ambika, amene mnzake anali kale m'nthaka. A Rukiya anagona pamphasa yomwe ija, atafundidwa nsalu yomwe ija, ndipo zonse zinkaoneka ngati Lachinayi wamba. Sofiya anatenga chikho, anatunga madzi, ndipo miyendo inamutengera kumanzere monga mwa masiku onse. Anaima pamenepo, chikho chili m'mwamba, akudikira kukalipiridwa.

Pansi pa nsalu sipanatuluke mawu.

Anadikirabe pang'ono. Kenaka misozi inayamba kugwera m'chikho, ndipo akazi anzake anamusiya alire, osamufulumiza. Atatha anapukuta kumaso ndi mkono, anazungulira kumapazi, n'kukagwada kudzanja lamanja.

"Tikuyamba, amayi," anatero ndi mawu apansi, n'kuthira madzi paphewa.